Legeni ingaponye mwala patali bwanji? Yankho kwa achimwene a ku Chitakale

Achimwene ena a ku Chitakale ku Mulanje andifunsa funso loti poyamba ndinaseka, koma nditakhala pansi ndi pepala ndinapeza kuti landidyera madzulo onse. Akuti: "Aphunzitsi, ine ndimathamangitsa anyani kumunda ndi legeni. Mwana wanga wa Fomu 4 wawerengetsa ndi fomula ya m'buku, akuti mwala wanga ukuyenera kufika mamita pafupifupi 200, koma titakayesa pa giraundi ukumagwa usanadutse golo inayo. Alamu anga akuti vuto ndimatola miyala yolemera, ine ndikuti kamwala kopepuka sikapita patali. Akunama ndani, buku, alamu kapena ine?"

Achimwene, palibe akunama apa. Mwanayo wawerengetsa bwino ndithu musamukalipire, kungoti fomula yomwe wagwiritsa ntchitoyo ndi ya dziko lopanda mpweya, ndipo ku Chitakale mpweya ulipo. Za inu ndi alamu anu ndifikako, koma ndikuuzirenitu kuti aliyense wagwira theka lake.

Tiyambe ndi fomulayo poti ndi imene yayambitsa mlandu. Imati mtunda womwe mwala ungafike, mukauponya mopendeketsa bwino pamalo a fulati, ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo, kenako kugawa ndi 9.8. Nambala ya 9.8 imeneyi ndi mmene dziko limakokera zinthu pansi, sekondi iliyonse chinthu chomwe chikugwa chimawonjezera liwiro ndi mamita 9.8 pa sekondi, kaya ndi mwala kaya ndi peyala. Chofunika kuona apa nchakuti liwirolo likulowa kawiri. Ndekuti mukawonjezera liwiro kawiri mtunda sukula kawiri ayi, umakula kanayi. Mukangowonjezera pang'ono, tinene 10 pa 100 paliponse, mtunda umakwera ndi 21 pa 100. Nkhani yonse ya legeni yagona pamenepa, liwiro lomwe mwala watuluka nalo pachikopa. Ukangochoka basi palibenso chimaukankha, zotsalazo ndi kuchotsera kokhakokha.

Nde liwirolo likuchokera kuti? Ku mphira. Mukamakoka, ntchito yomwe mkono wanu ukugwira imasungidwa mu mphiramo, ndipo kuwerengetsa kwake sikovuta. Pitani kwa mavenda ogula nandolo aja mubwereke sikelo yopachika ija, kolani chikopa cha legeni pa ngowe yake, kokani mpaka pamene mumafikitsa mukamalasa, muone ikuwerenga makilo angati. Tiyerekeze kuti yawerenga makilo 6, pa fizikisi amenewo ndi ma newton (muyeso wa kukoka) pafupifupi 60. Ndiye tiyerekeze kuti mphira yatamuka masentimita 60 kuchokera pamene inali lende. Poti kumayambiriro kukoka kumakhala kofewa nkumalimba pang'onopang'ono, timatenga theka: theka la ma newton 60 kuchulukitsa ndi mamita 0.6 (masentimita 60 aja), tipeza ma joule 18, umenewu ndi muyeso wa mphamvu yosungidwayo. Lamulo loti chinthu chotamuka chimalimba molingana ndi mmene wachikokera analitulutsa ndi Robert Hooke ku England mu 1678, ngakhale kunena zoona mphira siimvera Hooke bwinobwino ngati sipuling'i yachitsulo, ili ndi makhalidwe akeake. Koma pa kuwerengetsa kwa kumunda kuno zikukwana.

Onani kuti mu nambala ija muli zinthu ziwiri, kulimba kwa mphira ndi kutalika kwa kakokedwe. Anthu ambiri amathamangira choyambacho, amadula mphira yokhuthala ngati akumanga katundu pa kabaza, nkumati iyi nde yamphamvu. Kenako amalephera kuikoka, imangofika pachibwano mkono uli njenjenje. Bola mphira yofewerako yomwe mungaikoke mpaka kuseri kwa khutu. Mwala umakhala ukukankhidwa mtunda wautali, ndipo dzanja silinjenjemera.

Tsopano apa ndi pamene pali alamu anu. Ma joule 18 aja sapita onse ku mwala. Mukasiya chikopa, sikuti mwala wokha ndi umene ukuthamanga, chikopa nachonso chikuthamanga pa liwiro lomwelo, mphira nayonso ikuthamanga, mbali ya kuchikopa kwambiri, mbali ya kumphanda pang'ono chabe. Zonsezi zikudya nawo mbale imodzi. Powerengetsa timatenga kulemera konse kwa chikopa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa mphira. Tinene mphira zonse ziwiri zikulemera magalamu 18, gawo lachitatu ndi 6, chikopa ndi zomangira zake magalamu 4, pamodzi magalamu 10 a katundu wongokwera ulele. Mukaika mwala wa magalamu 10, waukulu ngati mabo wamkuluko, pafupifupi masentimita awiri m'mimba mwake, ndekuti mwala utenga theka, ma joule 9 okha. Liwiro lake likhala mamita 42 pa sekondi. Amenewo ndi makilomita 150 pa ola, olo minibasi ya pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza dalaivala atapenga bwanji sangaugwire. Ikani 42 mu fomula ya mwana wanu muona ikutulutsa mamita 180. Ndiye mwaona komwe 200 wake wachokera eti.

Mukaika kamwala ka magalamu awiri, alamu anu akuwina mbali imodzi: katuluka mwachangu zedi, mamita 55 pa sekondi. Koma taonani kuti mwala wachepa kasanu pomwe liwiro silinakwere olo ndi theka, chifukwa mphamvu yambiri yathera kuthamangitsa chikopa ndi mphira. Nchifukwa chake mukalasa ndi kamwala kakang'ono mphira imabwerera nkukumenyani pa zala kuti thwa, ndi mphamvu yomwe yasowa kolowera imeneyo, ndipo ndi imene imadula mphira msanga pa mfundo paja. Mukaika chimwala cha magalamu 30, chitenga magawo atatu mwa anayi a mphamvu yonse koma ndi cholemera, chituluka pa mamita 30 pa sekondi basi, ndipo olo pa pepala sichidutsa mamita 92.

Kukanakhala kopanda mpweya mlandu ukanathera pomwepa, alamu anu akanatenga chikho. Koma mpweya ndi wankhanza kwa tinthu topepuka. Tulutsani dzanja pa windo galimoto ikuthamanga mumva. Kukana kwa mpweya kumakula monga liwiro kuchulukitsa ndi liwiro, chimodzimodzi mtunda uja, ndiye mwala ukamathamanga kwambiri mpweya nawo umaulimbira kwambiri. Ndawerengetsa pa mwala wa magalamu 10 uja: pa nthawi yomwe ukuchoka pachikopa, mpweya ukuubweza m'mbuyo ndi mphamvu yoposa kulemera kwa mwalawo, pafupifupi kamodzi ndi theka. Taganizani, chinthu chomwe buku lachisiya kunja ndi chachikulu kuposa chomwe lachiwerengera! Mukachiikamo, mamita 180 aja amatsika kufika pa 90 kapena kuposerako pang'ono. Giraundi ya mpira ya mulingo wake imatalika mamita 100 mpaka 110. Ndekuti zomwe munaona inu pa giraundi paja, mwala kugwa usanafike golo inayo, ndi zomwe fizikisi yathunthu ikunena. Legeni yanu ilibe vuto.

Kamwala ka magalamu awiri kaja pa pepala kamafika mamita 300, koma mu mpweya kamafooka msanga nkugwa cha m'ma 85, ndipo ngati ndi kophwatalala kamayamba kuzungulira nkulira kuti fyuu nkukhotera kwina, sikafika olo pamenepo. Chimwala cha 30 chija mpweya suchivutitsa kwambiri koma chinanyamuka kale mwaulesi, chigwa cha m'ma 65. Ndiye pa legeni yomwe tayerekezayi mwala wopita patali uli pakati, magalamu 5 mpaka 10, ndipo pakati pamenepa kusiyana kwake ndi kochepa moti simungakuone ndi maso. Manambala awa ndi a legeni yongoyerekeza, yanu ikhoza kusiyana malinga ndi mphira, koma kaonekedwe kake sikasintha: kopepukitsa kaluza, cholemeretsa chiluza. Alamu anu akunena zoona mukamatola miyala ngati mazira a nkhuku, inu mukunena zoona iwo akamatola timiyala ta mumsewu tonga nyemba.

Chifukwa chomwe chachikulu chimapirira mpweya nchosavuta. Mwala ukakula kawiri m'mimba mwake, nkhope yomwe ikulimbana ndi mpweya imakula kanayi koma kulemera kumakula kasanu ndi katatu. Nchifukwa chake mchenga wodzadza dzanja sufika pomwe mwala umodzi wolemera chimodzimodzi ungafike. Pa chifukwa chomwechi kampira kachitsulo ka m'mabering'i a galimoto kamapita patali kuposa mwala wolemera mofanana, chitsulo ndi cholemera pafupifupi katatu kuposa mwala wa kukula komweko, nde pa magalamu 10 omwewo nkhope yake ndi theka chabe. Sindikuti mukayambe kulasira zitsulo kumunda ayi, chimenecho chimaboola malata ndipo chikagunda mwala chimabwerera komwe chachokera. Miyala yobulungira ya mumtsinje, ya ku Likhubula kapena Ruo yomwe madzi anaisalaza, ndi yokwanira. Ife tili ana tinkaumba timipira ta dothi la pachulu nkuyanika padzuwa, ubwino wake tonse timakhala tofanana ndiye dzanja limazolowera, koma ndi topepukirapo kuposa mwala ndipo patali sitifika kwenikweni.

Za kapendeketsedwe ndisachedwepo poti mwana wanu akudziwa kale: madigiri 45, pakati penipeni pa kuloza kutsogolo ndi kuloza kumwamba. Niccolò Tartaglia wa ku Italy ananena zimenezi mu 1537 akuthandiza anthu oombera mizinga, ndipo Galileo anadzazitsimikiza ndi masamu mu 1638, nkuonetsanso kuti madigiri 30 ndi 60 amagwera pamalo amodzi, 40 ndi 50 chimodzimodzi. Koma iyinso ndi nkhani ya kopanda mpweya. Mpweya ukalowapo, mwala wokwera kwambiri umakhalitsa m'mwamba nkumadyedwa liwiro, kenako umatsika chozondoka ngati wagwa mumtengo, ndiye bola kutsitsako, 35 mpaka 40. Chomwe ndimauza ana m'kalasi nchakuti musataye tulo ndi madigiri. Mukaphonya ndi madigiri 5 mwataya mtunda wosakwana 2 pa 100, mukaphonya ndi 10 mwataya 6 pa 100. Pomwe mukakoka mosafikitsa ndi masentimita 6 okha pa 60 paja, mphamvu yosungidwa yatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Ndiye munthu amene akulimbana ndi kuyeza ngodya koma kakokedwe kake kakusintha nthawi iliyonse akusaka polakwika.

Komanso minda yathu kuno si ya fulati. Mukaima kumtunda nkumalasira kumusi ngati mmene ilili mitsetse ya tiyi kuno ku Thyolo, mwala uli ndi nthawi yowonjezera yogwera, upita patali ndipo mutsitse mphanda kuposa apo. Mukamalasira chokwera kuphiri komwe anyaniwo amathawira, mtunda ufupika ndipo mukweze. Mphepo nayo ndi chimodzimodzi, ikakhala kumaso tsitsani, ikakhala kumsana kwezani pang'ono iunyamule.

Pali china chomwe simunafunse koma ndikudziwa munachionapo: m'mawa wa Juni kapena Julayi chiperoni chitagwa, legeni imakhala ngati yadwala. Si maganizo anu ayi. Mphira ndi chinthu chodabwitsa, m'kati mwake muli tizingwe tating'onoting'ono topiringizana, ndipo chimene chimaibweza mukaitamula ndi kutentha komwe kumagwedeza tizingweto kuti tipiringizanenso. Kukazizira timabwerera mwaulesi. Yesani izi pompano: tengani kalabala komangira ndalama, kagunditseni pa mlomo wa m'mwamba, katamuleni mwachangu, mumva katentha. Dikirani pang'ono kali chitamukire, kenako kabwezeni, mumva kazizira. Anayamba kuzindikira izi ndi John Gough, munthu wosaona wa ku Kendal ku England, mu 1802, ndipo naye anagwiritsa ntchito milomo yomweyi. Phunziro lake pa legeni ndi ili: mukakoka nkumachedwa mukuyang'anitsitsa nyani, kutentha kuja kumathawira mu mpweya ndipo mbali ina ya mphamvu yanu yapita nako. Kokani, lozani, siyani. Ndipo kukazizira legeni izikhala m'thumba la buluku osati pakhosi.

Mtundu wa mphira nawonso ndi nkhani. Akuluakulu akamati machubu ofiira akale aja ndiwo anali a legeni sakungokumbukira unyamata wawo. Amene aja anali a mphira yochokera ku mtengo, yonga yomwe amakolola ku Vizara ku Nkhata Bay, ndipo imabweza mphamvu yambiri yomwe waipatsa. Machubu ambiri akuda a masiku ano ndi a mphira yopanga ku fakitale yotchedwa butyl, anaikonda chifukwa siitulutsa mpweya msanga, koma pa kubwerera ndi yaulesi, mbali yaikulu ya mphamvu imasanduka kutentha m'kati mwake. Nde mutha kukhala ndi malegeni awiri onse owerenga makilo 6 pa sikelo ya nandolo ija koma ina nkumaponya patali kuposa inzake. Poyesa ku msika, tamulani kachidutswa nkukasiya, yabwino imabwerera kuti phwa nthawi yomweyo, inayo imabwerera ngati ikuganiza kaye. Ndipo podula, mbali ya kumphanda ikhale yotambalala, ya kuchikopa yowonda, chikopa chichepe mongokwana mwala, chifukwa galamu iliyonse yomwe mwachotsa kumene kumathamanga kwambiriko mwaipereka kwa mwala. Kungoti yowonda kumapeto imaduka msanga, musankhe nokha.

Poti mumakhala m'tsinde mwa phiri, mwana wanu akhoza kufunsa kuti nanga titakwera nayo ku Sapitwa? Pamwamba paja ndi mamita 3,002, mpweya wake ndi wopyapyala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu poyerekeza ndi kumusi kwanuko. Mwala wathu uja ungawonjezere mamita ngati 10, kupatula kuti kuzizira kwa kumeneko kukhoza kulanda phindu lonselo kudzera ku mphira kkkk. Kukoka kwa dziko pamwamba paja sikusintha moti nkuzindikira. Komwe fomula ya m'buku ingagwire ntchito ndendende ndi ku mwezi, kulibe mpweya ndipo kukoka kwake ndi 1.6 m'malo mwa 9.8, mwala womwewo ungadutse kilomita.

Mumuuzenso mwanayo kuti mawu oti catapult omwe amawaona m'mabuku satanthauza legeni yathu yokhayi. Kale mfuti zisanabwere kunali zimakina zoponyera miyala ikuluikulu pogumula malinga. Chotchuka ndi chomwe mfumu Edward I ya ku England inamangitsa pozinga linga la Stirling ku Scotland mu 1304, ankachitcha Warwolf. Mtundu umenewu sunkagwiritsa ntchito mphira, kunalibe. Unali mtengo wautali wopachikidwa ngati katungwe wa pa thabwa, mbali yaifupi bokosi lodzadza miyala ndi dothi, mbali yaitali chingwe chonga gulaye chokhala ndi mwala. Bokosi likagwa mwala unyamuka. Masamu ake ndi okoma: chopanda kutaya kalikonse, mtunda ndi kawiri kutalika komwe bokosi lagwa, kuchulukitsa ndi kuti bokosilo likulemera kangati kuposa mwala. Bokosi lolemera ka 100 kuposa mwala likagwa mamita awiri, malire ake ndi mamita 400, ndipo chenicheni sichifika pamenepo poti mtengo uja nawo umadya nawo mphamvu, nkhani yomweija ya chikopa ndi mphira. Chondisangalatsa ine nchakuti 9.8 mulibemo mu masamu amenewa, wadzichotsa yekha, ndekuti chimakinachi mutapita nacho ku mwezi chiponya mtunda womwewo, pomwe legeni yanu ya mphanda ya gwafa iponya kasanu ndi kamodzi kuposa mamita 180 a pa pepala aja.

Chomaliza ndi chenjezo, poti ndinu bambo wa ana. Mtunda womwe mwala ungafike ndi mtunda womwe mungalase chinthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa mamita 20, mwala wa mamita 42 pa sekondi umatenga theka la sekondi, ndipo mu nthawi imeneyo wagwa kale kuposa mita imodzi kuchokera pomwe munaloza. Nchifukwa chake dzanja lanu linaphunzira lokha kuloza pamwamba pa nyani osati pa nyani. Kupitirira apo ndi mwayi basi. Koma mwala womwe waphonyawo sunathe ntchito, ukamatera kutsidya la munda umakhala ukadali pa mamita 20 ndi kanthu pa sekondi, wokwanira kuswa diso la mwana amene akutola nkhuni kuseri kwa nthochi komwe inu simukuona. Ndipo mphira yoyamba kung'aluka pa mphanda muisinthe, ikaduka mutakoka imabwerera kumaso kwanu.

Kuti mlandu wanu ndi alamu uthe, Loweruka pitani pa giraundi m'mawa kulibe ana ndi mphepo. Tolani miyala yobulungira ya misinkhu itatu, yonga nyemba, yonga mabo ndi yonga dzira la nkhunda kapena kuposerapo, isanu isanu. Mangani kachingwe kuchokera pa mphanda kufika pachikopa kotalika mofanana ndi pomwe mumakokera, kuti kakokedwe kasasinthe, ndipo wolasa akhale mmodzi yekha. Mwana wa Fomu 4 uja aime kumbali kutali ndithu, osati kutsogolo, azizika kamtengo pomwe mwala wayamba kugunda pansi osati pomwe wagubuduzikira, kenako ayeze ndi chingwe nkupeza avereji ya gulu lililonse. Ine ndaika ndalama yanga pa yonga mabo. Mundiuze zotsatira zake, ndi makilo omwe sikelo ya nandolo yawerenga.